Pa Kalilole wa Galimoto

Zaka khumi ndinkawaonera pa kalilole,
diso lina pamsewu, lina kwa iwo:
Anyazgambo, phungu wathu,
magalasi atatsetserekera pamphuno,
mapepala ali mbwee pamiyendo
ngati mayi wosankha nyemba.

Tinkanyamuka mu Mzuzu kusanache,
chifunga cha ku Chikangawa chikumeza nyali zathu,
malole a matabwa akubuula pachitunda.
"Taona, Yotamu," ankatero,
"mitengo yonseyi ikukakhala mipando ya eni kutali,
pomwe mwana wa ku Masasa
akulembera pabondo, atakhala pa simenti yozizira."
Ine chete. Yanga inali magiya.

Asanakhale phungu ankaphunzitsa Sitandade 2 ku Zolozolo,
ana zana limodzi ndi makumi anayi
m'chipinda chimodzi, choko theka.
Mawu anawathera kumeneko;
mpaka lero amatuluka mosasa
ngati wailesi yofooka mabatire.
Ndi mawu omwewo anaimirira m'Nyumba ya Malamulo
kunena za zimbudzi.
Zimbudzi!
Anzawo anaseka mpaka kumenya matebulo,
wina n'kufuula, "Khalani pansi, mayi, muno mwanunkha!"
Sanakhale.
Anawerenga za atsikana makumi atatu ndi mmodzi
ojomba masiku anayi mwezi ndi mwezi
posowa chitseko chotseka ndi ndowa ya madzi,
mpaka ena kujomberatu.
Pobwerera usiku, titangodutsa pa Jenda,
anatembenukira kuwindo, mapewa akugwedezeka.
Ine ndinakweza wailesi.

Si zonse zinatheka, ndisaname.
Bilu ya nyumba za aphunzitsi inagona m'kabati
mpaka njenjete zinailoweza pamtima.
Kamlatho ka ana a ku Ching'ambo tinamanga,
mvula ya Epulo n'kukanyamula.
Pamaliro anthu amafuna bokosi, osati nkhani za mabuku,
ndipo galimoto yathu inanyamula mitembo yambiri kuposa madesiki.
Wotsuka ndinali ine.
Nawonso anali ndi ukali wao:
mlembi wina anasiya ntchito chifukwa cha koma mmodzi.

Tsono Lusungu wanga atatenga mimba ali Fomu 2,
ine nditalumbira kuti sukulu yake yathera pomwepo,
anandiimitsa pa Katoto.
"Zimitsa injini.
Mwana ali m'mimba, Yotamu, sali m'mutu."
Tinakhala pamenepo ola lathunthu,
akabaza akutilambalala ngati madzi pamwala,
ine ndikuyang'ana chiwongolero.
Lero Lusungu amabaya jakisoni kuchipatala;
odwala amati dzanja lake ndi lopepuka.

Chisankho chachitatu tinagwa chagada.
Anapambana mnyamata wogawa zitenje ndi mipira,
womwetulira bwino pa chikwangwani.
Galimoto inapita ndi ngongole ya kampeni,
foni yolira ngati nkhululu ija inangoti zii,
ndipo ogwada dzana pachipata
anayamba kuoloka msewu akationa.

Tsopano Lachiwiri ndi Lachinayi masana
mukawapeza ku Chibavi, kuseri kwa tchalitchi,
akuphunzitsa sukulu ya kwacha:
amayi ogulitsa nthochi, alonda opuma,
mkulu wina wosoka nsapato wosamva khutu limodzi,
ndi ine pa benchi ya kumbuyo,
ine wolekeza Sitandade 4,
amene ndinayenda dziko lonse
ndikudziwa zikwangwani ndi maonekedwe okha.

Dzulo ndinalemba kalata yanga yoyamba yathunthu,
yopita kwa mdzukulu.
Anaiyang'ana, magalasi pamphuno,
n'kuzunguliza mawu awiri ndi cholembera chofiira.
"Bwereza."
Panja, mvula ya kuno yosadziwa kalendala
inkawaza pamalata.
Ndinalimba mtima, ndinafunsa
ngati sizimawawawa zonse zija.
Anasasa fumbi loyera m'manja,
nayang'ana m'kabokosi.
"Choko chatsala chiwiri," anatero.
"Lachinayi udzere kumsika."